Njinga, Msana ndi Paipi ya Chishalo Yonesa

 Ndithokoze a mlembi pondipatsa mpata uno. Iwo anandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha, bola ukhale wothandiza ndipo usakhale wa ndale. Ena mwina mumayembekezera kumva za penshoni kapena za mtengo wa feteleza. Pepani, ine ndabwera ndi nkhani ya kachitsulo kamodzi ka pa njinga yakapalasa, kamene kamatuluka mu felemu n'kukagwira chishalo. Anyamata okonza njinga pamsika amangoti paipi ya chishalo, ndipo nanenso ndizitchula choncho. Masiku ano kuli mapaipi ena okhala ndi sipuling'i, amene amanesa munthu akakhalapo. Funso langa n'lakuti kodi paipi yotereyi ingatithandize pa misewu ya kuno ku Mwanza, ingathandize yani, ndipo imamangidwa bwanji.

Musaseke msanga. Tayang'anani m'holo muno muwerenge imvi. Ambiri a ife njinga tinaidziwa tisanakwereko galimoto, koma lero njingayo yangoyedzekedwa kuseri kwa nkhokwe, matayala ataphwa, tcheni itachita dzimbiri. Mukamufunsa mwini wake chifukwa chimene anasiyira kupalasa, kawirikawiri satchula mpweya kapena miyendo. Amagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Msanawu, achimwene." Chonsecho ndi ife tomwe amene a chipatala akutiuza kuti tiziyendetsa magazi chifukwa cha BP ndi shuga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zakwana. Mpira tinausiya kalekale, kuthamanga maondo sakutilola, koma njinga imatisenzera thupi maondo n'kupuma. Tsono ngati chimene chatitsitsa pa njinga ndi kugwedezeka, tiyenera kukambirana za kugwedezekako.

Misewu yathu mukuidziwa. Wa phula ndi M6, wochokera pa Zalewa, kudutsa pa Boma mpaka pa chipata cha malire, kumene umapitirira kulowa ku Zobue, ku Tete mpaka ku Nyamapanda m'dziko la Zimbabwe. Koma eni ake a msewu umenewu ndi malole. Wapanjinga akangomva hutala kumbuyo amachoka yekha m'phula n'kulowa m'mbali, m'miyala ndi m'maenje. Mukapatuka kulowera kumidzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache, ku Thambani, ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo, ndi zitunda ndi zigwa zokhazokha. Dzinja madzi amakumba ngalande pakati pa msewu, chilimwe msewu umachita mizeremizere ngati malata. Kwa ine mizere imeneyi ndiyo yoipa kuposa dzenje. Dzenje umaliona, umalizemba kapena umadzuka pa chishalo. Mizere ilibe pozembera. Imakugwedeza pang'onopang'ono osalekeza, ndipo ululu wake umaumva madzulo ukamawerama kuti uvule nsapato.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva. Tayala lakumbuyo likagunda mwala, mphamvu ija imakwera m'masipoko, imalowa mu felemu, imakwera paipi n'kufika pa chishalo. Pamenepo palibenso china choilandira koma mafupa amene timakhalira ndi msana. Mnyamata akaona bampu amaimirira pa mapedulo, maondo ake n'kukhala masipuling'i. Mkulu sadzuka kawirikawiri, amangokhala n'kulandira zonse.

Vutoli ndi lakale ngati njinga yomwe. M'zaka za m'ma 1860 njinga zoyamba za mapedulo ku France ndi ku England zinali ndi mawilo a matabwa okutidwa ndi chitsulo, ndipo Angerezi anazipatsa dzina lotanthauza kuti chogwedeza mafupa. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anapanga tayala lopopa, ndipo mpweya unakhala mankhwala a kugwedezeka. Kampani ya Brooks ya ku Birmingham inayamba kupanga zishalo zachikopa m'zaka za m'ma 1880, zina zokhala ndi masipuling'i pansi. Nzeru imeneyo ndiyo inafika kuno pa njinga zakuda zija za madala athu, Raleigh ndi Humber, kenaka Phoenix ya ku China, Hero ndi Avon za ku India. Mukukumbukira chishalo chake chotakata, masipuling'i akuluakulu awiri kumbuyo, chikulira kwiki kwiki a hedimasitala akamalowa pa bwalo. Makolo athu anali kale ndi chishalo chonesa, ndipo sanafunse nzeru kwa munthu.

Zinthu zinasintha pamene njinga za kaunjika zinachuluka, zija za magiya za matayala okhuthala. Kunena zoona njinga zimenezi ndi zabwino pa zitunda za kwathu kuno, chifukwa chitunda chimene njinga yakuda umaikankha, iyi umakwera uli pa chishalo. Koma chishalo chake ndi chopyapyala, chouma, chopanda sipuling'i ngakhale imodzi. Anachipangira munthu wopalasa chowerama, amene thupi lake lagawika pakati pa manja, miyendo ndi chishalo. Ife akuluakulu timatani? Timakweza mahandulo kuti tikhale chiwongokere ngati tili pa benchi la m'tchalitchi, thupi lonse n'kutsamira pa kachishalo kaja. Munthu ameneyu, wa njinga ya magiya wopalasa atawongoka pa msewu wa fumbi, ndiye amene paipi yonesa imamuthandiza. Ena onse ndikambapo patsogolo, ndipo ena ndiwauza kuti asunge ndalama zawo.

Mapaipi onesa alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa paipi yolowa mu inzake, ngati pampu yopopera, sipuling'i ili m'kati. Ndi wotsika mtengo ndipo ndi umene umapezeka kwambiri pa njinga za kaunjika. Chilema chake n'chakuti umangoyenda chokwera ndi chotsika motsatira felemu, pomwe bampu ya tayala lakumbuyo imakankhira chishalo m'mwamba ndi kutsogolo. Mwa ichi mapaipi awiri aja amakhulana, pa timabampu ting'onoting'ono amakanirira, ndipo akakalamba chishalo chimayamba kugwedera uku ndi uku. Mtundu wachiwiri uli ndi timikono tiwiri topindika pamwamba pa paipi, tokhala pa timapini tinayi. Mukagunda bampu chishalo chimatsika cholowera kumbuyo, ndiko kuti chimathawa kumene mphamvu ikuchokera. Odziwika pa mtundu umenewu ndi NCX ya kampani ya SR Suntour, imene ili ndi sipuling'i yachitsulo ndipo imanesa mamilimita 50, ndi Thudbuster ya kampani ya Cane Creek ya ku America, imene m'malo mwa sipuling'i ili ndi kachidutswa ka mphira kolimba. Pa mizere ya malata ija mtundu wachiwiriwu umaposa woyamba kutalitali. Mtengo wakenso umaposa kutalitali. Ine ndimapalasa wa timikono, ndipo sindinganame, ndi wabwino.

Koma musanatume mwana ku Limbe kapena kulembera mphwanu wa ku Joni, pali zoti muyeze. Pano ndichedwapo chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pomwepa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba ndi kukula kwa paipi. Mapaipi a zishalo amaoneka ofanana ndi maso koma sali ofanana. Odziwika kwambiri ndi a mamilimita 25.4, 27.2, 30.9 ndi 31.6, ndipo pakati pake pali enanso monga 26.8 ndi 27.0. Njinga zakuda zambiri zimatenga 25.4, za magiya zambiri zakale zimatenga 27.2 kapena yoyandikira pamenepo. Zulani paipi yakale, muipukute, muyang'ane cha kumunsi kwake: nambala imakhala yodindidwa pa chitsulo. Ngati yafufutika, funani kachipangizo kaja tinkalimbirana mu labu ya Physical Science, vernier caliper. Amene munkati kodi zimenezi zidzatithandiza chiyani m'moyo, tsiku lake lafika. Rula wamba sangakuuzeni kusiyana kwa 27.0 ndi 27.2, chonsecho kusiyana kumeneko ndi kokwanira kuti paipi ikane kulowa kapena izingotsetsereka ngakhale mumange bwanji.

Paipi ikakula kuposa bowo la felemu, nkhani yatha, ibwezeni. Musalole munthu aikhome ndi hamala, aipale ndi tupa, kapena atanule khosi la felemu ndi sukuludiraiva. Ikachepa pali chothandizira, kapaipi kopyapyala kong'aluka mbali imodzi kamene kamavekedwa pa paipi kuti ikwane. Okonza njinga amati shimu. Shimu yabwino imakhala yaitali, masentimita 8 kapena kuposa, kuti paipi igwiridwe malo aakulu. Ndikudziwa kuti kuno timadula chitini cha zakumwa n'kukulungiza. Pa mpata wochepetsetsa chitini chimagwira, koma kukulunga zitini zitatu kuti paipi ya 25.4 ikhale mu felemu ya 27.2 ndi kuitana ngozi.

Chachiwiri ndi mpata umene ulipo pakati pa khosi la felemu ndi chishalo. Mbali yonesa ija siingalowe mu felemu, iyenera kukhala kunja, ndipo imadya malo okwana masentimita 10 kapena kuposerapo. Yezani paipi yanu ya panopa, chishalo chili pa msinkhu umene mumapalasira. Ngati yotulukira kunja siikufika masentimita 10, paipi yonesa idzakukwezani m'mwamba kotero kuti mapazi adzavutika kufika pa mapedulo. Apa ndi pamene njinga yakuda imagwera. Felemu yake ndi yaikulu, ya mainchesi 22 kapena 24, ndipo ambiri a ife Amalawi si ataliatali, choncho chishalo chimakhala chitagona pa felemu penipeni. Palinso china. Chishalo cha njinga yakuda chimagwiridwa ndi kachomangira kakekake kovekedwa pa nsonga ya paipi, ndipo zina zili ndi mawaya awiri mbali iliyonse, pomwe mapaipi onesa ambiri ali ndi mutu wogwira waya mmodzi mbali iliyonse. Tsono inu a njinga yakuda, paipi imeneyi si yanu. Sipuling'i muli nayo kale. Ngati inathyoka kapena inafooka, gulani chishalo china cha masipuling'i pamsika, ndipo ndalama yotsalayo mugulire adzukulu makope.

Chachitatu ndi kulemera kwanu, ndipo pamenepa ndikupempha kuti tisanamize sikelo. Mukukumbukira lamulo la Hooke, lija tinkamangirira timiyala toyezera ku sipuling'i n'kumajambula girafu. Robert Hooke analifalitsa mu 1678, ndipo limati sipuling'i imatamuka kapena kufinyika molingana ndi katundu amene yasenza: mukawirikiza katundu nayonso imawirikiza, bola musapyole malire ake. Ndiye kuti mayi wa makilogalamu 55 ndi bambo wa makilogalamu 95 sangakhalire sipuling'i imodzi. Kwa mayiyo idzakhala ngati mwala, kwa bamboyo idzafinyika yonse asanachoke n'komwe pakhomo. Opanga mapaipi abwino amagulitsa masipuling'i ofewa, apakatikati ndi olimba, ndipo amalemba makilogalamu oyenera iliyonse. Potuma munthu mumuuze manambala atatu: kukula kwa paipi, kutalika kwake, ndi makilogalamu anu. Mabasi a ku Johannesburg amadutsa pakhomo pathu pomwe, ndiye kufikitsa kachitsulo kotere sikovuta, koma kukabweza chifukwa nambala yalakwika ndi ulendo wa masiku, kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe.

Tinene kuti zonse zakwana, paipi ili m'manja. Zida zofunika ndi zochepa: ma Allen key a nambala 4, 5 ndi 6, sipanala ngati bawuti ya pakhosi ili ya nati, tepi yoyezera, gilisi pang'ono ndi kansanza. Musanamasule kanthu yezani kuchokera pakati pa bawuti ya mkono wa pedulo mpaka pamwamba pa chishalo, mulembe papepala. Kenaka masulani bawuti ya pakhosi pa felemu, muzule paipi yakale mopotokola.

Pamenepa ambiri mudzakumana ndi mayeso oyamba. Paipi imene yakhala zaka osazulidwa imamatirira, makamaka ya aluminiyamu ikakhala mu felemu yachitsulo, chifukwa zitsulo ziwirizi zikanyowa zimadyana n'kugwirana ngati zowotcherera. Musathamangire hamala, chifukwa hamala imangoilowetsa m'kati. Dontheterani mafuta omasulira dzimbiri kapena parafini m'mbali mwake, musiye usiku wonse, m'mawa mugwire chishalo chakale ndi manja awiri n'kupotokola. Ikakana bwerezani mawa lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikatuluka, pukutani m'kati mwa felemu ndi kansanza kokulunga ku kamtengo mpaka dzimbiri lithe, ndipo ngati pakhosi pali kachitsulo kakuthwa kokanda, kasalazeni.

Pakani gilisi wochepa pa mbali ya paipi yatsopano imene ilowe mu felemu, kuti mdzukulu wanu asadzavutike monga mwavutikira inu. Paipi yoyenera imalowa ndi dzanja, mothina pang'ono koma mosakakamiza. Muonetsetse kuti mwailozetsa bwino, chifukwa ya timikono ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mukaitembenuza chishalo chizikuponyerani ku mahandulo.

Tsopano ndifike pa mzere umene ndikufuna aliyense atuluke nawo muno, ngakhale amene sadzagula paipi yonesa. Cha kumunsi kwa paipi iliyonse ya chishalo kuli mzere wodindidwa, pambali pake palembedwa kuti MIN INSERT kapena MAX. Mzere umenewo suyenera kuoneka. Uyenera kubisika m'kati mwa felemu. Kawirikawiri zimatanthauza kuti masentimita 8 mpaka 10 a paipi akhale m'kati, ndipo nsonga yake ipitirire pamene chitsulo chopingasa cha felemu chalumikizidwa. Chifukwa chake n'chakuti paipi yotuluka kwambiri imasanduka ngati mgwala wotembenuzira mwala: thupi lanu lili ku nsonga yaitali, ndipo kachigawo kakafupi kali m'kati kamatanula khosi la felemu pa bampu iliyonse. Ndinaonapo njinga ya mnyamata wina wamtali, wogulitsa manachesi, amene anatulutsa paipi mpaka m'kati munangotsala zala ziwiri. Khosi la felemu linang'aluka akutsika chitunda, dengu lili kumbuyo. Anapulumuka ndi mabala a m'manja ndi m'maondo, koma felemu inali ya aluminiyamu, ndipo owotcherera athu ambiri a pamsika amawotcherera chitsulo chokha. Njinga inathera pomwepo pamodzi ndi mpamba wake. Mukafika kunyumba kayang'aneni njinga za ana anu, poti mwana akamakula amangokweza chishalo osauza munthu.

Chishalo chimangeni pa mutu wa paipi chitagona mofanana, mphuno yake isaloze kumwamba kapena pansi. Mawaya ake agwiridwe pakati, osati kumapeto. Ngati mabawuti ali awiri, mangani mosinthanasinthana pang'onopang'ono. Msinkhu wake muuike monga munalembera papepala, n'kuwonjezera sentimita imodzi, chifukwa mukakhalapo paipi idzatsika. Poyesa, tsamirani khoma, muike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke osakakamiza, chiuno chisapendekeke. Mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi bondo lidzapindika pang'ono, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Ambiri a ife timapalasa chishalo chili pansi kwambiri pofuna kuti mapazi onse aziponda dothi tili chikhalire, kenaka timadandaula maondo. Bawuti ya pakhosi imangeni mpaka chishalo chisatembenuke mukachipotokola ndi manja. Osawonjezera paipi ku sipanala kuti mphamvu ichuluke. Timabawuti timeneti ndi tating'ono, timaduka.

Chotsala ndi kutchuna sipuling'i. Mapaipi ambiri ali ndi chotsekera cha mazinga ku nsonga yapansi, mbali imene imabisika mu felemu, ndiye kuti pochuna muyenera kuzula paipi. Mukachimanga cholowetsa m'kati sipuling'i imayamba yafinyika kale, ndipo imafuna thupi lolemerapo kuti iyambe kuyenda. Mukachimasula imayamba kuyenda msanga. Koma musachimasule mpaka kutulukira kunja kwa paipi, chifukwa mazinga ochepa otsalawo sangapirire. Muyeso wake ndi uwu: mukakhala pa chishalo mwakachetechete, paipi itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wake wonse. Pa paipi yonesa mamilimita 50 ndiye kuti sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Pemphani mayi akunyumba akuyezereni inu muli chikhalire. Ikapanda kutsika n'komwe, yalimba. Ikamagunda pansi ndi kaphokoso pa bampu wamba, yafewa. Mukamanesa ngati muli pa ngamila nthawi iliyonse mwaponda pedulo pa phula losalala, yafewanso, ndipo mphamvu yanu ikuthera m'sipuling'i m'malo mopita ku tayala. Mukamanga chotsekera mpaka kumapeto koma ikugundabe, kuchuna sikungathandize, pakufunika sipuling'i yolimba. Mungazule ndi kubwezera katatu kapena kanayi musanakhutire. Kayeseni pa msewu umene mumaudziwa bwino mabampu ake.

Ena mwa inu muli ndi njinga zimene munapatsa anyamata kuti azichita kabaza, ndipo ndikuona mukuwerengera kale mumtima kuti makasitomala achuluka. Ayi ndithu. Kasitomala amakhala pa keliyala, pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo, ndipo paipi yonesa siimukhudza. Chimene chimamuthandiza iye ndi khushoni yokhuthala ndi wopalasa wodziwa kusankha podutsa. Komanso katundu womangidwa mothinana ndi chishalo, kaya ndi thumba la chimanga, la makala kapena dengu la manachesi, amatsekereza chishalo chofuna kubwerera m'mbuyo, ndiye kuti mwagula chinthu choti chisagwire ntchito. Njinga ya katundu imafuna mphamvu, monga za Buffalo zija zimene keliyala yake anaipangira makilogalamu 100. Paipi yonesa imangowonjezera kulemera, pafupifupi theka la kilogalamu, ndi malo ena oti aziwonongeka.

Agogo anzanga, tamverani ichi. Mdzukulu akakwera kumbuyo amafuna pogwira, ndipo pafupi ndi manja ake ndi pansi pa chishalo. Timikono ta paipi yonesa timatseguka ndi kutsekeka ngati lumo la telala, thupi lonse la munthu wamkulu lili pamwamba. Kachala ka mwana kakalowa pamenepo ndi nkhani ya kuchipatala. Masipuling'i a chishalo cha njinga yakuda nawonso amapana chimodzimodzi. Opanga ena amagulitsa kathumba kovekera timikonoto. Ngati mulibe, telala angasoke ka nsalu yolimba kapena ka chubu chakale. Ndipo mwana aphunzitsidwe kugwira m'chiuno mwa agogo ake.

Kathumba komweko kamatetezanso ku fumbi, limene ndi mdani wamkulu wa chitsulo chilichonse choyenda. Fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi mafuta limasanduka ngati msasa wopalira matabwa, ndipo limadya timapini mpaka chishalo kuyamba kugwedera. Pukutani kawirikawiri, dontheterani mafuta ochepa pa timapini, otsalawo mupukutenso. Ya mtundu wa pampu ili ndi kamphira kamakwinya kotchinga fumbi. Kakang'ambika, dulani chubu chakale muvekepo. Kamodzi pa chaka, mvula isanayambe, zulani paipi yonse mupakenso gilisi. Ngati pakhosi pa felemu pali kachogwirira komasula ndi dzanja, kachotseni muikepo bawuti. Pamalo podutsa anthu ambiri ngati pa malire pano, chishalo chomasuka ndi dzanja chimapeza mwini wina inu mukugula tomato.

Pogula muchenjerenso ndi zonyezimira zopanda dzina, zopanda nambala, zopanda mzere uja. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ya kaunjika ya dzina lodziwika ndi yabwino kuposa yatsopano yosadziwika kwawo, bola muigwire mutu muigwedeze m'mbali. Ikamagwedera kwambiri yatha ntchito. Muyang'anenso ming'alu pafupi ndi mutu ndiponso pamene felemu inkaigwira.

Pali mankhwala ena aulere amene ndikufuna muyese musanatulutse tambala. Tinazolowera kupopa matayala mpaka kulimba ngati mwala, n'kumawagogoda ndi chala kuti alire. Ponyamula katundu ndi zoyenera, chifukwa tayala lofewa likagunda mwala limu imapana chubu n'kuboola timabowo tiwiri ngati mano a njoka. Koma mukamapalasa nokha opanda katundu, pa tayala lokhuthala la njinga ya magiya, phwetsani pang'ono, kuti mukakhalapo tayala lizifutukuka pang'ono chabe m'mbali. Manambala a mpweya wochepetsetsa ndi wochulukitsitsa alembedwa pa tayala pomwepo, musatuluke m'menemo. Pa msewu wa miyala tayala lotere limameza timiyala m'malo modumphadumpha, ndipo limagwira dothi bwino potsika chitunda. Limathandizanso manja ndi mapewa, kumene paipi yonesa siifikako, poti iyo imangosamala za kumbuyo. Nzeru ya Dunlop ija ikadali yoyamba, sipuling'i imabwera pambuyo.

Ndinenenso poyera kuti paipi si dokotala. Imachepetsa kugwedezeka, siichiza msana. Ngati ululu ukutsika kuchokera m'chiuno kulowa m'mwendo, ngati phazi likuchita dzanzi kapena kufooka, ngati abambo mukuvutika potaya madzi kapena mukumva dzanzi pokhalira ngakhale mutatsika pa njinga, pitani ku Chipatala cha Boma cha Mwanza kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Pa msinkhu wathu zinthu zimenezi si zobisira mayi akunyumba, ndipo si za okonza njinga. Amene mwakhala zaka osapalasa ndipo mumamwa mankhwala a BP kapena a mtima, yambani mwafunsa a chipatala, kenaka muyambe ndi maulendo aafupi a pamalo osakwera, m'mawa dzuwa lisanawawe.

Kwa amene thupi lili bwino koma msewu unawagonjetsa, kusiyana kwake kumamveka. Dzenje lalikulu mudzalimvabe, ndipo mudzayenerabe kudzuka pa chishalo. Chimene chimachoka ndi kunjenjemera kosalekeza kwa pa mizere ija. Mumatha kukhala pa chishalo n'kumapalasabe pamalo pamene kale munkangogwira mahandulo mwamphamvu n'kuluma mano. Masiku awiri oyamba mudzamva ngati tayala lakumbuyo laphwa, ndipo mudzatsika kukaligwira. Silinaphwe, ndi chishalo chikugwira ntchito yake. Sabata ikatha mudzaiwala kuti paipiyo ilipo, kufikira tsiku limene mudzabwereke njinga ya mnzanu.

A pampando, ndaona a mlembi ayang'ana wotchi kachiwiri. Njinga yanga ndaiyedzeka pa mtengo wa mango panjapo, ndipo ndabwera ndi vernier caliper, tepi ndi ma Allen key. Tikatha kudya, amene mwabwera pa njinga mubwere nazo tiyeze mapaipi anu, ndikulembereni manambala papepala, tiyang'anenso mzere uja. Ofuna kulawa yanga alawe, kuzungulira bwalo la mpira kamodzi basi. Sipuling'i yake ndinaichunira makilogalamu 70, choncho anzathu ena amene ndikuwaona pa tebulo lapamwambali ayambe andinong'oneza nambala yawo.